Khoko la Mkuwa Limene Linakanirira

Lachinayi, sabata ya mayeso oyeserera

Ndadzuka thupi lili lefu, mutu ukulemera ngati ndasenza nkhuni zaziwisi. Sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga masamu mapazi nditawaviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandigwire, koma palibe chalowa. Potaya madziwo m'mawa uno, ndinakumbukira agogo aamuna ndi makina awo.

Ndinali mu sitandade faifi, kwathu ku Bwanje. Agogo anagwirapo ntchito ku Joni, pa famu ya munthu wokonda kusaka. Anabwerako ndi mfuti, chiphaso chake anali nacho, komanso makina a mpini amene anawamangirira pa benchi pakhonde. Zipolopolo zinali zosowa, choncho makoko a mkuwa otsala mfuti ikalira sankawataya. Khoko limafufuma likawombedwa, ndiye ankalikanikizira m'chikombole chachitsulo kuti libwerere mwakale, kenako n'kuikamonso wonga ndi chipolopolo. Chikombolecho chinali chimodzi chokha, ndipo chimanga chathu cha m'munsi mwa phiri, kumene nguluwe zinkatsikira, chinkadalira icho.

Ntchito yanga inali kupukuta mchenga pa khoko lililonse n'kulipaka timafuta. Zala zinkanunkha chitsulo mpaka kusukulu.

Chaka chimenecho maso a agogo anayamba kuchita chidima, ndipo makina anawasiyira mwana wawo, amalume a Yohane. Tsiku lina amalume anabwera kuchokera ku Lizulu ndi jumbo ya makoko amene mnzawo anawapatsa. Kachitini ka mafuta kanali katauma.

"Amalume, mafuta atha," ndinatero.

"Iwe Tadala, mkuwa ndi mtsikana kuti uzidzola tsiku lililonse? Bwera nalo kuno."

Khoko loyamba linalowa theka n'kuima, likulira kwiii. Agogo anali pamkeka, akumvetsera.

"Yohane, likulira bwanji limenelo? Si la mfuti yathu. Linafufumira m'mfuti ya eni ake, ndiponso n'louma. Libweze."

"Bambo, inu manja anatha. Ichi chimangofuna mphamvu."

Amalume anatenga paipi, n'kuiveka kumpini kuti utalike, n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Khoko linalowa. Pobweza mpini tinangomva thwa! Thako la khokolo linaduka, lotsalalo n'kukanirira m'kati. Masana onse amalume analimbana nalo ndi msomali ndi hamala, thukuta likudontha pabenchi. Linatuluka zidutswazidutswa, koma m'kati mwa chikombole munali mutakandika. Khoko lililonse lolowamo linkatuluka ndi zipsera.

Agogo anapapasa limodzi ndi chala chachikulu, n'kuliika pambali.

"Ili lingaphulikire munthu kumaso. Mfuti ikagone."

Sanakalipe. Anangoonjezera motsitsa mawu kuti, "Chinthu chikamakana chimakhala chikukuuza kanthu. Umayamba wafunsa kuti chakanira pati."

Kuyambira pamenepo mfuti yathu inali zitini. Amayi, amalume ndi ine tinkasinthana kulondera munda, kumenya zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Nguluwe zinazolowera phokosolo. M'mawa tinkapeza mapesi ali lambalamba, zitsononkho zili mbwee. Ine m'kalasi ndinkangosinza. Nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe, ndipo mvula isanagwe amayi anali atayamba kale ganyu m'minda ya mpunga kusikimu. Amalume paipi ija anakaiponya kuseri kwa khola, sanaitchulenso.

Agogo anatisiya, makina aja akuchita dzimbiri pakhonde. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti amalume analakwa posowa mafuta basi. Lero ndikuona kuti khoko linalira, onse tinalimva, koma iwo anayankha ndi paipi. Ndatopa kwambiri, ndipo beseni langali silikusiyana ndi paipi ija.

Mawa sinditunganso madzi oviikamo mapazi. Ndigona mokwanira, kenako pa nthawi yopuma ndipita kwa aphunzitsi a masamu, ndikawaonetse pamzere pamene samu imandikanirira.