Mpweya wa Ba Mulubwa

Ba Mulubwa anabadwira ku Samfya, m'mbali mwa nyanja ya Bangweulu, ndipo anadziwa kusambira asanadziwe kumanga kabudula. Ukonde ukakodwa pa chitsa pansi pa madzi, asodzi ankatuma iwowo. Ankakoka mpweya kamodzi n'kumira, a m'bwato n'kumayang'anana mpaka wina kuyamba kutchula Mulungu. Kenako mutu unkatulukira patali, ukonde uli m'manja.

Nsomba zitayamba kuchepa, anakwera lole kubwera ku Lusaka, n'kumagulitsa nsomba zouma pa msika wa Soweto. Kumeneko anakumana ndi Ba Manoli, Mgiriki wotsimphina amene anali ndi kanyumba kodyeramo ku Northmead. Tsiku lina mzunguyo, atagula mabilinganya ake, anaima pa thebulo la nsomba. Sankayang'ana nsomba koma chifuwa cha wogulitsa.

"Iwe umangena pansi pa manzi," anatero m'Chinyanja chake chopindika.

"Mwaziba bwanji, bwana?"

"Kwathu bonse bali na chifuba monga chako."

Kwawo kwa Ba Manoli kunali katauni ka m'mbali mwa nyanja ya mchere, komwe amuna ankamira kukazula chinkhupule chomera pa miyala pansi pa madzi, n'kuchiumitsa padoko kuti agulitse. Iwonso anamirapo ali mnyamata. Tsiku lina anavuuka mofulumira kuchokera pakuya, mwendo n'kuuma mpaka kalekale. Atapeza munthu womvetsa nkhani zimenezi m'mzinda wopanda nyanja, sanafune kumutaya. Anamulemba ntchito yotsuka mbale.

Kuchoka ku mbale, Ba Mulubwa anafika pamoto. Anaphunzira kunyika nyama ya nkhumba m'mandimu ndi adyo n'kuitunga pa timitengo, kuyala mabilinganya ndi nyama yogaya m'chiwaya mpaka pamwamba pafiire, kusefa yogati pansalu n'kupaliramo nkhaka. Masana makasitomala akachepa, awiriwo ankakhala kuseri n'kumakangana kuti madzi ozizira kwambiri ndi ati, a Bangweulu kapena a ku Girisi. M'khitchini imeneyo Ba Mulubwa anameramo imvi. Anakwatira Emmy, wosoka zovala ku Kabwata, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Killian, anakula akudya zotsala za Agiriki pomwe anzake ankadya kapenta.

Ba Manoli atafa ziwalo mbali imodzi, mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kupita nawo kwawo. Kanyumba kaja kanasanduka shopu ya mafoni. Ba Mulubwa anatsala ndi firiji yakale ndi timitengo tachitsulo totungira nyama. Anagogoda m'mageti a ku Kabulonga ndi ku Woodlands kufuna ntchito yophika, koma konse ankafuna anyamata a mapepala. Ndiye anakhoma khumbi la malata kuseri kwa msika wa Kabwata, n'kuyatsa mbaula.

Anthu ankanunkhiza, n'kufunsa ngati pali chipisi. Wina analawa nyama ija n'kunena, "Ba mudala, mwafakamo mankhwala?" Komabe pang'onopang'ono ena anaizolowera, ndipo khumbi likanaima pakanapanda chilala. Chaka chimenecho madzi opangira magetsi anachepa, malaiti ankabwera ngati mlendo. Firiji inafunda, yogati inasasa, nyama inabiriwira, Ba Mulubwa n'kuikwirira okha kuseri kwa chimbudzi kuti Emmy asaone. Killian anali wowotcherera zitsulo, ndipo popanda malaiti makina ake anangokhala chete. Mkazi wake Chipego anali ndi pakati. Mnyamatayo anayamba kupita kunja kwa tauni, kupitirira Chelstone, kukaphwanya miyala m'mbali mwa dzenje lalikulu lomwe anthu anakumbamo miyala kalekale.

Mvula itabwerera inabwera ndi mkwiyo, dzenje lija n'kudzaza. M'mawa wina Ba Mulubwa akupemerera makala, anaona Chipego akubwera wopanda nsapato, atagwira mimba ndi manja onse awiri.

"Batata, Killian wagwela mu manzi. Sanachoke."

Onse atatu, iwo, Emmy ndi Chipego, anakwera minibasi. Atafika anapeza khamu litazungulira dzenje. Anzake a Killian anafotokoza kuti nthaka ya m'mphepete inagumuka iye ali ndi wilibala yodzaza, ndipo anapita nayo limodzi. Wapolisi amene analipo anati odziwa kumira aitanidwa kale, koma ali ku ngozi ina, choncho anthu adikire.

Ba Mulubwa anayang'ana madziwo. Anali obiriwira, osayenda, pamwamba pakuyandama mabotolo. Anayamba kumasula mabatani a shati.

Emmy anawagwira lamba. "Bashi Killian, osangena. Mwakula imwe. Mufuna nishike babili mu manda?"

"Bana Killian," Ba Mulubwa anayankha mkazi wawo, "mwana ali mu mphepo."

"Wafa kudala! Mvelani ine!"

"Niziba. Koma sazagona muja."

Wapolisi anayesa kuwatsekereza, koma atawayang'ana kumaso anapatuka.

Madzi a m'dzenje sanali ngati a kwawo. Atangomira pang'ono kuwala kunatha, kuzizira n'kuwaluma m'mafupa. Ankafufuza ndi manja: matayala, waya, mapulasitiki oterera ngati khungu. Chifuwa chija chomwe Mgiriki anachizindikira pa Soweto chinali chitadya utsi wa makala zaka zambiri, ndipo mpweya unatha asanafike n'komwe pansi. Anavuuka akutsokomola, n'kugwira mwala. Emmy ankakuwa dzina lawo. Sanatembenuke. Anamiranso.

Anachita choncho mpaka dzuwa linafika pamutu. Milomo inatuwa, miyendo ikunjenjemera. Amuna ena anawagwira kuti awatulutse, iwo n'kuwakankha. Ulendo wina anatsika mozama kuposa poyamba ponse, ndipo m'khutu lakumanzere munaphulika ngati mwalowa msomali. Mutu unazungulira, osadziwanso kumwamba ndi kuti. Pamenepo dzanja lawo linagunda chitsulo cha wilibala, kenako jombo, ndipo m'jombomo munali mwendo.

Anakoka. Thupi silinasunthe, linali litapanikizika pakati pa wilibala ndi thanthwe. Anakokanso ndi manja onse, m'chifuwa mukuyaka moto, kukhosi kukudzitsekula kokha kufuna kumeza madzi. Anadziwa kuti akakhala kamphindi kena atsala pomwepo, ndipo kwa kanthawi anaona kuti si zoipa kutsala. Koma akanatsala, ndani akanadziwa pomwe pali mwana? Anatsegula zala, n'kumusiya.

Mpaka lero amati palibe chinthu chinawavuta pamoyo wawo ngati kutsegula zala zimenezo.

Atavuuka, magazi akutsika m'khosi kuchokera m'khutu, anangoti, "Nipaseni nthambo." Wina anathamanga kukamasula chingwe pa lole ya mchenga. Emmy sanawaletsenso. Anagwada, n'kuwapukuta magazi ndi chitenje chake, ndipo iye mwini ndiye anawamanga chingwe china m'chiuno, mfundo yake yolimba ya munthu wosoka.

Anatsikanso motsata thanthwe, n'kumanga wilibala. Amuna kumtunda anakoka, chitsulo chinasuntha, ndipo Killian anamasuka. Bambo ake anamukumbatira pachifuwa ngati mmene ankamunyamulira ali khanda, anthu n'kuwakoka onse awiri. Pamtunda Ba Mulubwa anamuchotsa matope m'maso ndi m'kamwa, anamuwongola kolala, kenako anakomoka.

Maliro anachitika iwo ali m'chipatala, chifuwa chitadzaza madzi oipa. Khutu lija silinamvenso. Atatuluka anakhala milungu osayatsa mbaula, akungoyang'ana khoma. Chipego anabereka mwana wamkazi, anamutcha Nsofwa, ndipo kulira kwa khandalo ndi kumene kunawadzutsa, poti pakhomo panalibe mwamuna wina wosaka chakudya. Anabwerera kukhumbi.

Koma mbiri inali itayenda. Lusaka ili ndi maenje ambiri, ndipo dzinja lililonse amameza ana opita kusukulu, oledzera, amayi ochapa. Anthu anayamba kufika ku Kabwata akufunsa mudala wa nyama ya Agiriki kuti akawavuulire abale awo omira. Dokotala anali atawauza kuti akamiranso chifuwa sichidzapirira. Emmy amabisa nsapato zawo, amatukwana obwerawo, nthawi zina amanama kuti mwamuna wake anapita ku Samfya pomwe iwo ali pomwepo akutembenuza nyama.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa ku Chelstone, chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo. Sanapereke moni. Anagwada m'matope patsogolo pa mbaula, n'kutchula dzina la mwana wake, Thandazani, wa giredi folo.

"Kulibe munthu wamene mufuna kuno, mayo," anatero Emmy. "Yendani ku polisi."

Ba Mulubwa sanamve bwino. Anatembenuza khutu lamoyo, n'kufunsa kuti mayiyo akuti chiyani. Emmy anayang'ana mayi wogwadayo. Kenako analowa m'khumbi, anasuntha thumba la makala, n'kutulutsa nsapato.