Nkhululu ya Bambo

Achimwene anga atatuluka kundende anabwera kudzakhala kwathu ku Cuamba, ndi jumbo limodzi komanso chilankhulo chomwe sitinkachidziwa. Anamangidwa chifukwa chopisa m'matumba mwa anthu pasiteshoni, pomwe malemu bambo athu anagwira ntchito ya njanji mpaka kukalamba. Manyazi ake ndinawasenza ndine, poti ndine ndinatsala m'tauni.

Koma munthuyo kuseketsa! Wotchi ankaitcha nkhululu, ati chifukwa imalira ukaiyika kukhutu. Foni inali khanda, poti imalira pomwe sukufuna. Chikwama cha ndalama chinali mbuzi, ina yonenepa ina yowonda, ndipo tcheni cha m'khosi chinali njoka. Wotchi yosayenda ankangoti mtembo. Anati m'ndendemo sutchula chinthu chamtengo ndi dzina lake, ngakhale sopo, chifukwa makutu ndi ambiri kuposa mabulangete. Ana anga anawatola msanga mawuwo, mpaka wamng'ono anakauza aphunzitsi ake kuti khanda lawo likulira m'thumba.

Ine nkhululu ndinali nayo. Inali ya bambo, yachitsulo, yolemera, lamba wake nditaboola bowo lina kuti indikwane. Nthawi ndinkaona pafoni ngati wina aliyense, koma wotchiyo sindinkaivula, kupatula posamba. Achimwene sanaifunsepo. Ankatunga madzi, ankakonza mpanda, ndipo ine ndinkadziuza kuti ndawalandira ndi mtima wonse.

Patatha miyezi itatu ndinawatenga kuti akandithandize kunyamula matumba a nyemba omwe ndinakagula ku Mitande. Tinatsikira ku Mandimba kudikira shapa, minibasi ya kuno, yobwerera kwathu. Dzuwa linali loswa mtengo, anyamata a njinga akukanganirana anthu, osintha ndalama akukupiza makwacha ndi metikali m'mwamba. Ndinawafunsa mwachibwana kuti ankadziwa bwanji pomwe munthu wabisa chuma chake.

"Achemwali, sitinkafufuza ayi. Mwini wake ndiye amatiuza," anatero. "Mnzathu mmodzi amakuwa kuti kuno kuli akuba, chenjerani. Basi aliyense dzanja limathamangira pomwe pali chake. Ife n'kumangoona."

Sanakuwe. Anangondilozera ndi mlomo. Bambo wina wa chipewa choyera ankasisita thumba la pachifuwa aliyense akamuyandikira: mbuzi ili pamenepo. Mayi wina wa ku Ngauma, amene tinakwera naye m'mawa, ankamangitsa mfundo ya chitenje yomwe inali yomanga kale. Mtsikana wina dzanja silinkachoka pakhosi. Ndinaseka mpaka misozi, ndikuti anthu ndife opusa bwanji.

Iwo sanaseke. Anayang'ana pansi, akusewera ndi chingwe cha thumba la nyemba.

"Inunso achemwali. Ndikalowa m'nyumba, dzanja lanu lamanja limakaphimba nkhululu ya bambo. Kuyambira tsiku lomwe ndinafika. Sindikudandaula, ndinazipanga ndekha. Ndangoti mudziwe kuti ndimaona."

Ndinayang'ana manja anga. Dzanja linali pomwepo, litaphimba wotchi, pakati pa kuseka konse kuja. Ndinapsa mtima kaye, chifukwa ine ndi munthu wosakonda kugwidwa. Ndinafuna kunena kuti lamba ndi womasuka, koma bodzalo linakana kutuluka. Kenako manyazi anandigwira, oposa aja a pasiteshoni. Miyezi itatu munthu akudya nane mbale imodzi, ine ndikumuuza tsiku ndi tsiku kuti ndi wakuba, osatsegula pakamwa.

Ndinamasula lamba. Iwo anabweza dzanja kumbuyo, akuti ayi, ayi, si zimenezo. Ndinawakalipira ngati mwana kuti abweretse dzanjalo, anthu akutiyang'ana. Ndinawamangira wotchiyo pabowo lakale lija la bambo, ndipo inawakwana ndendende. Anaiyika kukhutu nthawi yaitali.

Shapa itafika tinapanikizana monga mwa masiku onse, nkhuku pamiyendo, matumba pamwamba. Msewu wonse wa ku Cuamba ndinkawaonera m'mbali. Munthu amene anavula mawotchi a anthu osawerengeka anakhala chowongoka, dzanja lamanja litaphimba dzanja lamanzere, osalichotsa ngakhale pamabampu.

"Achimwene," ndinawanong'oneza, "mukuwauza akuba pomwe pali nkhululu."

Anayang'ana dzanja lawo, n'kuseka, maso atanyowa.

"Aone," anatero. "Ndi ya bambo anga."