Nchima za M'mbali mwa Mtsinje

Ndinayamba uphunzitsi pasukulu ina ya kumudzi m'tsinde mwa mapiri, boma la Machinga likadali kutchedwa Kasupe. Anandipatsa Sitandade 3. Kalasi yake inali ya zidina, yofolera ndi udzu, ndipo ana ankakhala pansi. Ambiri kwawo ankalankhula Chiyao, Chichewa ankachipeza kusukulu, choncho ndinazolowera kulankhula pang'onopang'ono ndi kubwereza.

Nthawi ya chimanga chachiwisi ana ankachepa m'kalasi. Ankakhala kuminda pa nsanja, zitini ndi malegeni m'manja, kuingitsa anyani. Palibe ankadabwa nazo, ngakhale ahedi.

M'nyengo yoteroyo kunabwera bambo wina panjinga, atavala yunifolomu ya khaki. Anali woyang'anira nyama zakutchire. Ana atangoona yunifolomuyo anati zii, chifukwa masiku amenewo munthu wovala chotero sankafunsidwa mafunso. Anatambasula chithunzi chachikulu cha nyama zitatu: nyani, pusi ndi nchima. Ziwiri zoyambazo ana anazidziwa msanga. Yachitatuyo, yakuda manja ndi miyendo, yamchira wautali, anaidziwa ochepa okha.

Bamboyo anafotokoza kuti nchima imakhala m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mitsinje, sikonda kutsika pansi, ndipo mitengoyo ikatha nayonso imatha. Anati kwathu kuno zatsala zochepa. Pomaliza anati, "Boma silifuna kuti nyama izi ziziphedwa." Anandisiyira chithunzicho n'kukwera njinga yake.

Sabata yonseyo ndinaphunzitsa za nyamazo. Tinazijambula pamchenga, tinapeka kanyimbo kotchula zimene zimadya. Mawu a bambo uja ndinawabwereza monga anawanenera.

Patapita masiku ndinapeza bambo wina wachikulire akundidikira pansi pa mtengo wa mango, atavala chikofiya, atagwira mwana wake wamkazi padzanja. Mtsikanayo anali wa m'kalasi mwanga, wofatsa, wokhala kutsogolo. Tinalonjerana, ndipo bamboyo anayang'ana uku ndi uku asanayambe.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzamva ndekha. Kodi ndi zoona kuti woponya nyani mwala amangidwa?"

"Iyayi, bambo. Wanena zimenezo ndani?"

"Mwanayu. Akuti boma laletsa. Dzulo anyani alowa m'munda iye ali pa nsanja, wangowayang'ana. Mizere ya kumtunda yonse yapita."

Ndinamufunsa mtsikanayo. Anayankha maso ali pansi. "Munati boma silifuna, aphunzitsi."

Bamboyo anandiuza kuti si kwawo kokha. Nkhani inali itafalikira mudzi wonse, ndipo anthu ena anali atamangirira agalu awo. Palibe ankafuna kuti dzina lake limveke kwa apampando a chipani kuti akutsutsana ndi boma chifukwa cha nyani. Bamboyo sanakalipe. Ankangofuna kudziwa chololedwa.

Ndinamuuza kuti kuingitsa anyani kumunda palibe waletsa, nkhani inali ya nchima ndi mitengo ya kumtsinje. 

"Nchima sizinandidyerepo chimanga," anatero. "Koma kauzeni anawo bwinobwino. Ife tikanena, akuti sitinapite kusukulu."

M'mawa mwake ndinabwereza phunzirolo, koma ndinaona kuti pachithunzi nyama zitatuzo ana ankaziona ngati banja limodzi. Ndinapempha ahedi kuti ndipite ndi anawo kumtsinje akadzionere okha. Analola tsiku Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu, kuti ana achisilamu abwerere nthawi ya mapemphero a Juma isanakwane. Bambo wa mtsikana uja anati atiperekeza, chifukwa njira inkadutsa kumunda kwake.

Tinanyamuka mame asanaume. Tinadutsa minda ya chinangwa, kenaka ya chimanga, ndipo m'munda mwa bamboyo tinaona mapesi othyokathyoka ndi zitsononkho zili mbwee.  Kumtunda njira inalowa m'mitengo ya mbawa ndi mikuyu, kozizira, kwamdima pang'ono. Ndinawauza ana akhale pamiyala osalankhula. Kwa ana a msinkhu umenewo chinali chinthu chovuta. Wina ankakanda mwendo, wina kuseka, wina kupempha kukakodza.

Tinadikira nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuganiza zobwerera. Kenaka nthambi inagwedezeka pamwamba pa mkuyu, nkhuyu zinagwera m'madzi, ndipo tinamva kulira kumodzi kwamphamvu ngati munthu wakhosomola. Inali nchima yaimuna. Inakhala panthambi n'kumatiyang'ana, masaya ali fwuu ndi ubweya. Kumbuyo kwake kunadutsa yaikazi, kamwana katakangamira pamimba. Sizinakhalitse. Zinalumphira mtengo wina n'kuzimirira m'masamba.

Ana ena sanaone kanthu ndipo anadandaula njira yonse. Mnyamata wina anati ndi yaing'ono kuposa ya pachithunzi. Mtsikana uja anafunsa bambo ake m'Chiyao ngati imeneyonso ndi lijani, ndiye kuti nyani. Iwo anapukusa mutu.

Kuchokera pamenepo zinthu zinabwerera mwakale. Agalu anamasulidwa, zitini zinayambanso kulira kuminda m'mamawa, kalasi inachepanso mpaka chimanga chinauma. Chosintha chimene ndinaona chinali chaching'ono: anyamata a m'kalasi mwanga anasiya kupita ndi malegeni kumtsinje, ndipo ankanenezana kwa ine wina akapitako.

Chaka chotsatira anandisamutsira ku Balaka, kudera la Nsamala, dziko lathyathyathya la thonje ndi milambe. Kumeneko kunalibe nchima, ndipo ana ankaganiza kuti ndi nyama ya kunja. Ndinkaphunzitsabe phunzirolo chaka ndi chaka, pakati pa masamu ndi kukonzekera magule a alendo a boma. Mphunzitsi mnzanga amene anatsala kusukulu yakale ija anandiuza titakumana pasiteshoni ya sitima kuti mbawa zambiri za kumunsi zinachekedwa matabwa, koma kumtunda, kumene ngolo sizifika, anthu okatola nkhuni ankamvabe nchima zikulira.