A Kampasi asochera

Anthu ankangowatchula a Kampasi, dzina lawo lenileni linafera m'chiphaso. Ali mnyamata, boma linawatuma kukajambula mapu a dera limene papepala linali mbee, lopanda mtsinje kapena phiri. Anapita wapansi, tcheni choyezera paphewa, kampasi m'khosi. Anawoloka madambo matope akulekeza m'chiuno, malungo anawagwetsa kangapo, koma mapu anabwera nawo. Misewu imene mabasi akuliwitsamo lero inatsata mapazi awo, ngakhale palibe kondakitala amene angawapatse mpando.

Kunyumba anali mlendo. Mwana wawo wamkazi, amene pano ndi telala, anakula akudziwa nsapato zawo zamatope kuposa nkhope yawo. Ponyamuka ankamugwira chibwano n'kunena kuti, "Ndibwera mvula isanagwe." Mvula inkagwa, n'kusiya, udzu n'kuuma, iwo osaoneka. Akabwera, phunziro linali limodzi lomwelo: "Ukasochera usathamange. Peza madzi, uwatsate kumene akulowera. Madzi amakafika kwa anthu."

Ndiye ukalamba ndi wachipongwe. Munthu amene anasonyeza dziko lonse njira anayamba kusochera pakati pa chipinda ndi bafa. Telala anawatenga n'kumakhala nawo, tsiku lonse iwo ali pampando pafupi ndi makina osokera, iye diso lina pansalu, lina pa bambo ake.

Tsiku lina masana telala anatuluka kukapereka diresi kuseri kwa msewu. Pobwera anapeza mpando uli wokha, chitseko chili chotsegula, kampasi pamsomali palibe. Kumwamba mitambo inali bii.

Anafunsa wogulitsa makala, wometa, wokonza njinga. "Madala aja? Ife timayesa muli nawo limodzi," anatero wometa, lumo lili m'mutu mwa munthu. Telala anathamangira kokwerera mabasi, anasuzumira m'mabasi onse, anafuula kuti "Ababa!" mpaka mawu anasasa. Anawakwiyira, anadzikwiyira yekha, kenako analira poyera ngati mwana.

Akubwerera anapunthwa pa ngalande ya m'mbali mwa msewu, madzi asopo akuyenderera pang'onopang'ono. Anaima. Tsata madzi! Koma madzi a m'tauni safika kwa anthu. Ngalande zonse zimakathera mu chingalande cha simenti cholowa pansi pa msika, ndipo mvula ikagwa kumtunda chimadzaza kamodzin'kamodzi, ngakhale mbuzi chimakokolola.

Anavula masilipasi n'kutsetsereka ndi ngalandeyo, mabotolo osweka osawamva n'komwe. Bambo ake anawapeza pakamwa penipeni pa chingalandecho, madzi akulekeza m'mawondo, kampasi ili m'manja, akusuzumira mumdima. Madontho oyamba anali atayamba kugunda malata a msika.

"Ababa, tulukani! Mufa!" Anawakoka mkono, koma iwo anadzipulumutsa. Nkhalambayo mphamvu inali nazo.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu, ngati akulankhula ndi munthu wokumana naye panjira. "Ndinu a konkuno? Madziwa akulowera kuti? Ndikuthamangira kunyumba. Ndinamuuza mwana wanga kuti ndifika mvula isanagwe, ndiye ndamunamiza kokwanira."

Telala anayang'ana kumtunda. Madzi anali akukwera, atasanduka ofiira, akubwera ndi zinyalala. Kukangana nawo kunali kufa onse awiri.

"Mwanayo ndikumudziwa, bambo," anatero. "Njira yachidule ndi iyi yakumtundayi. Gwireni dzanja."

A Kampasi pa moyo wawo wonse sanatsutsanepo ndi mwini dera. Anapereka dzanja. Atangoponda pamsewu, chingalande chinabangula kumbuyo kwawo, ndipo mvula inakhuthuka. Iwo anayang'ana kumwamba, nkhope itanyowa.

"Yandipezanso panjira," anatero. "Akandikhululukira koma?"

Telala anawafunditsa nsalu yake, iye akunyowa mpaka mkati.

"Iyi sinagwe, bambo, ikungowaza. Fulumirani, akukudikirani."