Ameni wa Pansi pa Lezala

Mundikhululukire, owerenga, poti ndalimba mtima kulemba pamene ine si mlembi, ndipo sindinalembepo kanthu kopita kwa anthu. Ndafufuta n'kulembanso kangapo, ndipo zonse zili panozi ndinakazitsimikiza kwa eni ake, kuopa kunamizira munthu.

A Chipeso ndi wometa. Dzinali linachokera ku chipeso chakuda chomwe sichichoka m'thumba la malaya awo, ngakhale kutchalitchi. Ntchitoyi anaiphunzira posesa tsitsi kwa wometa wina, ndipo lero ali ndi kachipinda kawokawo pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Muli mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi botolo la sipiriti lomwe ana amaliopa kuposa jekeseni. Anatembenuka mtima atakula kale, ndipo chitembenukire sankalola munthu kudzuka pampandopo asanamve za Yesu.

Kalalikidwe kawo kanali ndi dongosolo lake. Makina akamalira sankayankhula, poti mawu amamira m'phokoso. Ankadikira nthawi ya ndevu. Munthu akagonekedwa chagada, nsalu ili m'khosi, thovu lili m'masaya, lezala yatsetsereka kufika pammero, apo mpamene ankafunsa mofatsa: "Achimwene, mutafa lero mungapite kuti?" Anthu ankalandira Yesu mosavuta, mpaka kumpingo anayamba kuwatchula msodzi wa anthu.

Nsomba yaikulu koposa inali mlamu wawo, mlongo wake wa mayi a kunyumba, dalaivala wa lole, munthu wa botolo ndi pakamwa pachipongwe. Naye anavomera pampando pomwepo. A Chipeso anathamanga kukauza mkulu wa mpingo, tsiku la ubatizo linakonzedwa, ndipo iwo ndi amene amayenera kuimirira pamaso pa mpingo kuchitira umboni kuti munthuyu wasinthadi. Mayi analira ndi chimwemwe.

Amene anawononga zinthu ndi telala. Tsiku lina atametedwa anadzuka, n'kudzisisita pakhosi, n'kunena akuseka: "Inu a Chipeso, ndi chitsulo chimenechi pammero, ngakhale mutandiuza kuti ndine mbuzi ndivomera. Mwinanso n'kulira mee."

Odikira anaseka. A Chipeso anasekanso, koma mawuwo anawakhala ngati katsitsi kolowa m'kolala. Anayamba kuyang'anitsitsa m'galasi muja. Anaona kuti akamalalikira, maso a munthu sakhala pankhope pawo ayi, amatsatira dzanja. Anaona kuti ameni wa pampandopo amatulukira m'mano, mutu osagwedezeka. Atakumbukira onse amene anawakola, anapeza kuti onsewo anali andevu. Wometetsa tsitsi lokha panalibe ngakhale mmodzi. Wina amene anapemphera naye mokhudza mtima kwambiri tsopano ankasunga ndevu zofika pachifuwa, ndipo ankadutsa tsidya lina la msewu.

Kenako maso awo anagwera pa mlamu uja. Akabwera kunyumba ankamupatsa moni moyandikira, mphuno ili tcheru. Popempherera chakudya ankatsinzina diso limodzi, linalo likuyang'ana ngati mlamu watsinzinadi. Akaimba nyimbo ya Mulungu ankadzifunsa kuti akuimbira ndani. Akapanda kuimba ankadzifunsa chifukwa chake.

"Bambo, mwayamba kumununkhiza mlongo wanga ngati galu wa apolisi," anatero mayi. "Musiyeni abatizidwe, zotsalazo madzi akamaliza."

"Madzi satsuka chimene mtima sunavomere, mayi. Munthu amakhulupirira ndi mtima, pakamwa pamangotsatira. Ndikaimirira n'kunena kuti wasintha, ndinamiza mpingo, ndipo iyeyo adzayenda moyo wonse akuyesa kuti za iye ndi Mulungu zinatha."

"Nanga inu munalowamo mumtima mwakemo?"

Funsolo ndi lomwe linkawavuta a Chipeso.

Ubatizo utayandikira, mlamu anabwera kudzametetsa. A Chipeso anameta tsitsi, anapaka thovu, anayendetsa lezala kuchoka m'masaya mpaka pammero, ali duu.

"Lero tchalitchi chatsekedwa, alamu?" anafunsa mlamuyo, milomo yokha ikugwedezeka.

A Chipeso anapitiriza kumeta. Atamaliza anamumasula nsalu, anatsekera lezala m'dilowa, anatsegula chitseko mpaka kukhoma, n'kukakhala pabenchi manja ali pamaondo.

"Alamu, khomo ndi ilo, manja anga ndi awa. Mundiuze zoona. Tsiku lija munavomera Yesu kapena munavomera lezala?"

Mlamu anaseka, anayang'ana kukhomo, anadziyang'ana m'galasi, kuseka n'kuzilala. "Mukafika pa za gehena dzanja lanu limanjenjemera, alamu. Simudziwa? Ine ndinkafuna kutuluka ndi khosi langa. Nditafika kunyumba ndinapeza achemwali akulira, akundikumbatira. Ndikanabweza bwanji?"

"Ndiye simukhulupirira?"

"Sindikudziwa. Zoti anafera anthu ndimazimva. Koma zoti anafera ngakhale wonga ine, pamenepo mpamene galimoto imandizimira."

A Chipeso anatseka kachipindako dzuwa likanali pamutu, n'kupita kwa mkulu wa mpingo kukanena kuti umboni uja sachita, ndipo ubatizo uyambe waima. Mkuluyo anawayang'ana ngati akubisa nkhani ina yonyansa ya m'banja. Mayi anakhala masiku akuwayankha ndi mapewa okha. Dzina la msodzi lija linazimiririka popanda wolengeza.

Masiku ano a Chipeso amameta ali chete, ndipo za Yesu amaziyamba nsalu itachoka, zitsulo zitalowa m'dilowa. Ambiri amangoti zikomo n'kutuluka. Owerengeka amakhala. Mlamu sanabatizidwebe, koma akaimika lole amadzakhala pabenchi paja, ndevu zili zosameta, n'kumatsutsa chilichonse mokweza mpaka telala kugogoda khoma. Ngati amabwerera Mawu kapena amangofuna potchajira foni, a Chipeso sakudziwa, ndipo amamuyang'anabe ndi diso la m'mbali. Koma funso lililonse amaliyankha.

Ine ndili ndi kagalimoto, ndipo poweruka ndimatenga anzanga a kuntchito amene timalowera njira imodzi. Ndatsimikiza mtima kuti za chikhulupiriro changa ndizidzaziyamba galimoto itaima ndipo munthu watsitsa kale phazi limodzi pansi. Akafuna kumva, adzabweza yekha phazilo.