Kona Yomaliza ya a Lezala

Dzina loti a Lezala anawapatsa ndi anzawo a kuntchito. Iwo ntchito yawo inali yoika makonisi, mizere yokongoletsa ija imayenda pomwe khoma lakumana ndi siling'i, komanso masikating'i, matabwa aja amazungulira chipinda m'munsi mwa khoma. Akalumikiza kona, ankasolola lezala m'thumba la shati n'kupatsa mwini nyumba.

"Lilowetseni pamenepo bwana. Likalowa, ndiphwasula chipinda chonse ndiyambirenso."

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, lezala silinalowepo.

Mkazi wawo anawapeza ali kale ndi dzina limenelo. Anazolowera kuchapa zovala zoyera mbuu ndi fumbi, anazoloweranso kuyenda ndi munthu amene akalowa m'nyumba ya eni amayamba wayang'ana kudenga asanapereke moni. Ngakhale kusikelo ya mwana, anthu akumvetsera anamwino, iwo maso ali m'mwamba, kenako n'kumunong'oneza kuti, "Amene anadula apa anali ndi njala."

Vuto linayamba m'mawa wina akutsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu. Atangokweza mutu, anagwira khoma n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Mayi a mwana, nyumbayi ikuzungulira."

"Nyumba ili phee. Mwadya chiyani kodi inu?"

Anaseka onse awiri, koma mawa lake zinachitikanso. Kuchipatala anawauza kuti vuto lili m'kati mwa khutu, anawapatsa mapiritsi, n'kuwalangiza kuti asamakweze mutu komanso asamakwere pamwamba. A Lezala anangoti zikomo. Atatuluka panja anafunsa mkazi wawo kuti, "Ndiye akuti siling'iyo ndiziitsitsira pansi?"

Nthawi imeneyo n'kuti ali pakati pa ntchito m'nyumba ina yatsopano. Zipinda zogona anali atamaliza, kutatsala pabalaza pokha. Mwini nyumbayo, mayi wina wa magalasi a m'maso amene onse ankangomutchula kuti madamu, anaitanitsa kutali makonisi oyera a maluwamaluwa, ndipo anabwera okwanira ndendende, popanda ina yapadera. Foromani wa pamalopo anali atanena kale kuti aliyense wodwaladwala azikadwalira kwawo. Choncho a Lezala sanauze munthu.

Mkazi wawo ndi amene anaganiza za galasi. Anali akupesa tsitsi, galasi lili pamiyendo, ndipo anaona malata a denga lawo m'menemo osakweza mutu. Anathamanga nalo pakhonde pomwe panali amuna ake.

"Bambo a mwana, taonani umu. Mukuona chiyani?"

"Ndikuona denga."

"Mukumva chizungulire?"

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ayi."

Lolemba lake mkaziyo anasiya mwana kwa mchemwali wake, anakulunga galasi mu nsalu, anavala buluku lakale la amuna ake m'kati mwa diresi, n'kuwatsatira kuntchito. Anthu opaka penti atawaona anayamba kukuwa.

"Eee, a Lezala abwera ndi apolisi awo lero!"

"Alamu, musaope, kuno kulibe atsikana, kuli simenti yokhayokha!"

Iye anangomwetulira. Atalowa pabalaza anatseka chitseko.

Anagawana ntchito motere. Mkazi ankakwera makwerero ndi tepi yoyezera, n'kumawerenga manambala. Mwamuna ankagwada pansi, galasi lili patsogolo pake, akuona zonse m'menemo. Akadula konisi m'bokosi lake lodulira makona, ankaipaka phala lomatira kumbuyo n'kumupatsira mkazi wake m'mwamba, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Kankhirani kumanja pang'ono. Ayi, kwinako. Basi, dinikizani pomwepo. Musapume."

Mikono inkamuphwanya, phala linkamudonthera m'tsitsi, mabere anadzaza mkaka mpaka kunyowetsa diresi, koma sanatsike asanauzidwe. Pofika Lachitatu makoma atatu anali atatha, maluwa akulondolana bwinobwino. A Lezala anamupatsa lezala kuti ayese pakona. Silinalowe. Tsiku limenelo pobwerera kunyumba a Lezala ankaimba mluzu mumsewu, ndipo mkaziyo anayamba kukhulupirira kuti akhoza kukhala moyo wotere mpaka kalekale, iye m'mwamba, iwo pansi.

Khoma lachinayi linali ndi chipilala chotulukira m'chipinda, ndiye kona yake inali yoyang'ana kunja. Konisi inatsala imodzi yokha. Mkazi anawerenga tepi kawiri. A Lezala anayang'ana m'galasi, analemba mzere ndi pensulo, anayang'ananso, n'kudula. Macheka analira bwino ngati masiku onse.

Ataikweza, mkaziyo anaona kuti nsonga yake yapendekera kosiyana ndi inzake. Anaitembenuza, maluwa anazondoka. Anaibweza. Pakona panatsala mpata woti n'kulowa zala zinayi.

"Bambo a mwana."

"Dinikizani."

"Sizikukumana."

A Lezala anayang'anitsitsa m'galasimo. Kenako anatenga pensulo n'kuisuntha kumanja, akuiona m'galasi, n'kuisunthanso kumanzere.

"Galasili landinamiza," anatero motsitsa mawu. "Masiku onsewa ndimakumbukira kutembenuza m'mutu. Lero ndadula zomwe ndaona."

Mkaziyo asanawaletse, anaimirira n'kukweza mutu kuti aone ndi maso awo. Mkaziyo ali pamwamba, konisi ili m'manja, anangowaona akupepesuka, akufuna chogwira pomwe panalibe chogwira. Anagwera pa ndowa ya phala, phazi lawo n'kuponda galasi. Iye sakanatha kudumpha, sakanathanso kuponya pansi konisi ya eni. Anangokuwa.

Anthu a penti anathamangira m'chipindamo, foromani pambuyo pawo. Madamu nawo anali atangofika kudzaona matailosi a kubafa. Anapeza a Lezala atakhala m'phala, atatsinzina, atagwira pansi ndi manja onse awiri ngati pansipo pathawa.

"Amwa kodi?" anafunsa foromani.

"Samwa," anayankha mkaziyo akutsika. "Akudwala. Akayang'ana kumwamba amamva chizungulire."

Anaona amuna ake akugwetsa nkhope, ndipo anadziwa kuti mawu amenewo sangabwezedwenso. Pofika mawa adzakhala atafika pa nyumba iliyonse yomwe ikumangidwa.

Madamu sanakalipe. Anayang'ana makoma atatu aja, anayang'ana mpata uja, kenako anayang'ana phala lomwe linali m'tsitsi la mkaziyo.

"Ndiye mumakwera ndinu, mayi?"

"Eya, madamu. Koma odula ndi iwowa. Tipatseni mpata, tilumikiza kachidutswa."

"Maluwa sangakumane," anatero a Lezala, maso ali chitsinzinire. "Musawanamize."

Madamu anapuma mozama. "Bambo, ntchito yanu ndaiona, ndi yabwino. Koma sindingalole kuti munthu adzafere m'nyumba mwanga ndisanagonemo n'komwe. Malizani zam'munsizi. Zam'mwamba a foromani apeza wina."

Winayo anabwera Lachisanu. Anali munthu wansangala, wa wailesi m'thumba, amene a Lezala ankamudziwa kalekale ndipo kunyumba ankamutchula kuti Chimatiro, chifukwa kona iliyonse ankaitseka ndi phala.

"Akulu, ndamva za vuto lanu, pepani kwambiri," anatero akuimika makwerero. "Koma osadandaula, apa ndi pang'ono. Penti ikadutsa, ndani adzaone?"

A Lezala anali chogwada m'munsi mwa khoma lomwelo, akukhoma sikating'i. Mkazi wawo anabweranso tsiku limenelo, ngakhale panalibe choti akwere. Ankawapatsira misomali. Pamwamba pawo ankamva mpeni ukupala, phala likuphathikidwa, wailesi ikuimba. Timadontho toyera tinkagwera pa thabwa lomwe a Lezala anali atangolipukuta. Ankatipukuta ndi chala.

Kona ya pansi pa chipilala anaidula kamodzi, inakumana. Dzanja linapita lokha kuthumba la shati, koma linaima pomwepo. Panalibe woti amupatse lezala. Madamu anali pakhomo, maso ali kudenga, akuuza Chimatiro kuti zikuoneka bwino. Munthu akalowa m'nyumba sayang'ana kumapazi.

Onse atatuluka kukadya, m'chipindamo munatsala awiriwo. A Lezala anapitiriza kuyang'ana thabwa lawo.

"Mayi a mwana, tandionerani. Zakhala bwanji pamwambapo?"

Mkaziyo anakweza mutu. Pakona panali chibuma cha phala chonga chibakera cha mwana, duwa limodzi litamira theka, linzake litapindika. Anayang'ana khosi la amuna ake, lowerama, fumbi loyera litadzaza m'makwinya.

"Zakumana," anatero.

"Lezala lingalowe?"

"Silingalowe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, mosamala, kuopa chizungulire.

"Pa phala lezala silinalowepo," anatero. "Ndipatseni msomali."

Anawapatsa.