Kumwetulira pa Chingwe

Sabata yatha mnzanga wa ku univesidadi ananditumizira foto yakale pa foni. Ndinali m'kalasi kuno ku Fingoe, kumene ndimaphunzitsa. Pansi pake analemba kuti, "Amwali, taonani mmene munkasangalalira." Pafotopo tili pamzere, anyamata ndi atsikana, chingwe m'chiuno, ndowa zamadzi pamutu. Ine ndili pakati, mano onse pamtunda.

Univesidadi yathu inali yaing'ono, m'tauni ya Tete, tinyumba tochepa totentha ngati uvuni. Nkhondo inali itatha kale, moti ana a m'tauni ankangoimva ngati nthano. Ife atsopano ankatitcha akaloiro, ndipo mwambo wotilandirira unali wotere: a chaka chomaliza ankatimanga chingwe chimodzi, kutisenzetsa madzi, n'kutizungulitsa bwalo lonse dzuwa lili paliwombo. Mmodzi wa iwo ankayenda pambali atakoleka tsache paphewa ngati mfuti. Wokana sankapatsidwa padirinyu, wamkulu wokubwereka mabuku ndi makope ake akale. Mabuku anali osowa, ndipo wopanda padirinyu sankapita patali. Kwathu khola la mbuzi linali litatha chifukwa cha sukulu yangayo. Ndikanabwerera ndi nkhope yanji?

Chingwe chotere sichinali chachilendo m'chiuno mwanga. Ndili kamtsikana kwathu ku Malowera, m'boma la Maravia, anthu amfuti anatipeza kumunda ine ndi amayi, n'kutisenzetsa chimanga cha m'nkhokwe za eni ake. Amayi anali patsogolo panga. Anandinong'oneza osacheuka: "Mwanangu, uzimwetulira. Akaona kuti walema, akusiya pompano." Wosiyidwa sankapita kwawo, tinkangomva mfuti kulira kumbuyo. Ine ndinamwetulira mpaka kukafika. Amayi anali ndi pakati, ndipo kumwetulira kunawathera panjira.

Tsiku la mwambo lija, watsache uja anaima pambali panga. "Iwe wa ku Maravia, kwanuko mumasenza bwino, eti? Enanu taonani, ameneyu akukondwa. Tengerani chitsanzo." Anthu anafa nako kuseka, ndipo iye yemweyo ndiye anadzakhala padirinyu wanga. Makope ake anandithandizadi, sindingamunamizire. Ndinamuthokoza chaka chonse, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Sindinauzeko munthu. Masiku amenewo ukatchula zankhondo ankakuyang'ana ngati wabwera ndi matope m'nyumba yokolopa kale. Mwambowo ndimamva kuti ukadalipo, ati ndi umene umamanga ubale. Aumange okha.

Foni inaliranso. "Bwanji chete, amwali? Kodi mwaiwala?" Ana anali atasiya kulemba, akundidikira. Ndinayang'ananso nkhope ija. Anzanga onse amaona mtsikana wosangalala, koma ine ndinaona mwana amene akumverabe amayi ake.

Ndinamuyankha kuti sindinaiwale.